Mwana watuluka zidzolo, ndimusiyitse nsinjiro ndi mazira?

Amake Tadala, Area 25:
Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo. Mwana wanga ali ndi miyezi 7. Ndinamuyambitsa phala atakwana miyezi 6 monga anatiuzira kusikelo, ndimathiramo nsinjiro, tsiku lina dzira. Ndiye watuluka tizidzolo m'khosi ndi kumsana. Apongozi akuti nsinjiro zamukana, aletsanso mazira ndi matemba. Achemwali anga ali ku Leeds, ku Britain, nawonso akuti mwana sapatsidwa mtedza mpaka atakwana zaka 3. Panopa akungomwa phala la ufa woyera lothira shuga basi, koma tizidzolo tija sitikutha. Nditani?

Nachisale, Kawale:
Siyani mayi. Thupi la mwana likakana chinthu lakana. Wanga wachiwiri anatuluka zomwezo, nditasiya nsinjiro zinatha zokha.

Amake Pemphero, Chinsapo:
Ndi kutenthaku a Nachisale. Okutobala uno mwana aliyense ku Chinsapo kuno ali ndi tizidzolo m'khosi. Tiwasiyitse nsinjiro onsewo?

Nachisale, Kawale:
Ine ndanena zomwe ndinaona ndi maso anga.

Anamwino Nankhoma:
Amake Tadala, pa foni sindingamuyeze mwana, koma tandiyankheni izi. Tizidzoloto timatuluka akangodya, kapena tilipo nthawi zonse? Ndi ting'onoting'ono kapena ndi zotupa zikuluzikulu zomwe zimasowa apa n'kutulukira pena? Anasanzapo kapena kutupa milomo atamwa phalalo? Amakanda kwambiri usiku? Alipo wina m'nyumbamo amene akukandanso?

Amake Tadala, Area 25:
Ting'onoting'ono tofiira, m'makwinya a khosi ndi kumsana. Tilipo nthawi zonse, masana ndiye timachuluka. Kusanza ayi, kutupa ayi, ndipo palibe wina akukanda.

Anamwino Nankhoma:
Mmene mwafotokozeramu zikumveka ngati zidzolo za thukuta, makamaka poti zili momwe chitenje chimamupana mukamubereka. Mupite naye kusikelo amuone ndi maso, chifukwa mphere ndi chikanga nazonso zimasokoneza anthu. Pakadali pano muzimupukuta bwino m'makwinyamo mukamusambitsa, muchepetse zovala. Juzi ndi chipewa cha ulusi mwezi uno ayi.

Ziwengo za chakudya zili ndi khalidwe lake. Zimabwera mwana akangodya, kawirikawiri pasanathe mphindi 30, zikachedwetsa maola 2. Zimakhala zotupa zoyabwa, milomo kapena zikope kutupa, kusanza. Mukasiya chakudyacho zimatha, mukamupatsanso zimabwerera. Inu mwasiya nsinjiro, mazira ndi matemba koma zidzolo zikadalipo. Ndiye mlandu wa nsinjiro uli pati?

Koma chomwe chandidetsa nkhawa ine si khosilo, ndi phala lomwe akumwa panopa. Ufa woyera ndi chimanga chokonola, gaga ndi mtima wake zapita, n'kuvikidwanso m'madzi. Chotsala ndi chokhutitsa basi. Kuyambira miyezi 6 ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) yemwe mwana anabadwa naye amakhala akutha, ndipo wa mu mkaka wa m'mawere sakwaniranso payekha. Nthawi yomwe akufunika matemba ndi dzira kwambiri ndi inoyo.

Amake Wongani, Area 47:
Ndilankhuleko ine amene ndinaziona ziwengo zenizeni, chifukwa tikamangoti thukuta thukuta wina adzanyozera tsiku lomwe si thukuta. Wongani ali ndi miyezi 8 ndinamupatsa dzira lokazinga, lija losapsetsa pakati. Asanamalize n'komwe kukamwa kunafiira, kenako thupi lonse zotupa ngati wagwera mu chitedze. Diso limodzi linatsekeka ndi kutupa, n'kusanza. Tinathamangira kuchipatala, anamupatsa mankhwala, tinagona konko kuti amuyang'anire. Adokotala anati dzira tisiye, koma dzira lokhalo. Nsomba, nyemba, soya, nyama, zonse adye. Nsinjiro anati tibwere nazo tidzamuyambitsire pomwepo iwo akuona, poti analinso ndi chikanga m'masaya, ndipo sizinamuchite kanthu. Pano ali ndi zaka 4, keke yothira dzira akudya atatiloleza adokotala. Ndiye ziwengo ziliko, koma sizibisala ayi, mukaziona simufunsa pa gulu.

Anamwino Nankhoma:
Zikomo amake Wongani, mwafotokoza bwino kuposa ine. Ndiwonjezere ichi, aliyense asunge. Mwana akadya chinthu n'kuyamba kubanika, kutsokomola kosalekeza, mawu kusasa, lilime kutupa kapena kulefuka thupi lonse, musayambe kufunafuna mapiritsi a ziwengo a Piriton kwa aneba. Imeneyo imafuna jakisoni wa adrenaline, ndipo ali kuchipatala. Kwerani chilichonse chomwe chili pafupi, kaya ndi kabaza. Musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira.

Bambo a Chisomo, Area 49:
Pepani amayi, ndilowererepo ngakhale ndine bambo. Achemwali a ku Leeds aja akunena malangizo akale. N'zoona kuti mu 1998 ku Britain analangiza mabanja omwe ali ndi mbiri ya ziwengo kuti ana asadye mtedza mpaka zaka 3, ndipo madokotala a ana ku America ananenanso zofanana mu 2000. Koma ziwengo za mtedza sizinachepe. Pulofesa Gideon Lack wa ku London ndi anzake anaona kuti ana achiyuda okhala ku Britain ankapezeka ndi ziwengo za mtedza kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi a ku Israel, komwe makanda amapatsidwa tizakudya ta mtedza totchedwa Bamba asanakwane chaka. Ndiye anachita kafukufuku wotchedwa LEAP, zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Anatenga ana 640 a miyezi 4 mpaka 11, onse omwe anali ndi chikanga chachikulu kapena ziwengo za dzira. Theka ankadya mtedza katatu pa sabata, theka ankaupewa, mpaka atakwana zaka 5. Mwa opewa aja, pafupifupi 17 pa 100 alionse anapezeka ndi ziwengo za mtedza. Mwa odya aja, 3 okha. Kupewako n'komwe kunkabweretsa vuto. Malangizo anasintha kalekale, auzeni achemwaliwo afunsenso konko.

Nachisale, Kawale:
Zimenezo n'za azungu a Chisomo. Magazi athu ndi ena.

Bambo a Chisomo, Area 49:
Chabwino, tibwere pafupi. Ku South Africa anayeza ana a chaka chimodzi mpaka zaka 3. A mu mzinda wa Cape Town anapezeka ndi ziwengo za chakudya 2.5 pa 100, pomwe a kumidzi ya ku Eastern Cape anali 0.5 pa 100. Ambiri mwa iwo ndi anthu akuda ngati ife, kusiyana kwake ndi komwe akukulira. Ndiye ife a m'tauni tisadzinamize kuti sizitikhudza, koma tionenso kuchepa kwake. Tiyerekeze ndi kupinimbira: kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 kuno ku Malawi ndi opinimbira, ndipo 63 pa 100 ali ndi magazi ochepa. Chomwe chikutidyera ana ndi chiti pamenepa?

Amake mapasa, Mtandire:
Ndiye poti ana a kafukufuku wa LEAP aja anayamba pa miyezi 4, ifenso tiziyamba phala pa miyezi 4? Chifukwa ine mapasawa akundimaliza, mawere sakupuma.

Anamwino Nankhoma:
Ayi mayi, apo ndiye musatengere. Ana aja anali osankhidwa, amayezedwa kaye pakhungu, ndipo omwe anaonetsa ziwengo zazikulu sanalowe nawo n'komwe. Komanso kwawoko madzi a pampopi samutsegula mwana m'mimba. Kuno mwaiwala kolera wa 2022 ndi 2023 mmene anatipwetekera mu Lilongwe muno? Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe mwakathithi, opanda madzi, opanda phala, ngakhale kutenthe bwanji. Akakwana miyezi 6 ndiye musachedwenso. Muyambe ndi masupuni 2 kapena 3 a phala kawiri kapena katatu patsiku, muzionjezera mpaka theka la kapu. Nsinjiro yambani ndi kansonga ka supuni, m'mawa, mwana ali bwinobwino, mumuyang'anire maola awiri. Zikayenda bwino pitirizani sabata iliyonse, osati kamodzi n'kuiwala. Mawa kapena mkuja dzira lowiritsa lopsa bwino, mulinyenye m'phalamo. Mtedza wosasinja wokha ndiwo ayi, amatsamwa nawo, ndipo uchi dikirani akwane chaka. Mwana wa chikanga chachikulu, chija chosweka khungu, aonedwe kaye ndi adokotala monga anachitira amake Wongani.

Za mapasazo, mawere akamayamwidwa kwambiri m'pamene amapanga wambiri. Inuyo muzidya ndi kumwa, ndipo bambo awo akuthandizeni ntchito za pakhomo.

Amake mapasa, Mtandire:
Mawu omalizawo ndiwatumizira eni ake 😂

Bambo a Chisomo, Area 49:
Pa chikanga paja pali chinthu china chomwe akatswiriwo amaganiza. Akuti chakudya chikayamba kulowa m'thupi kudzera pakhungu losweka, thupi limachitenga ngati mdani, koma chikayamba kudzera pakamwa limachizolowera. Ndiye amene mwana wake ali ndi chikanga, mukatha kusenda mtedza musambe m'manja musanamudzoze mafuta.

Agogo Nabanda, Likuni:
Ana inu mukundiseketsa. Mpaka azungu achite kafukufuku kuti mudziwe kuti mwana amadya nsinjiro? Ife kwa Malili tinalera ana ndi phala la mgaiwa lotendera, palibe anatupa. Likuni Phala mukugula m'masitoloyo dzina lake linachokera kuno kwathu kumishoni. Apongozi a amake Tadala akulakwitsa pa nsinjiro. Koma pa dzira ndili nawo. Mwana wosayamba kulankhula sadya dzira, amadzagwa khunyu.

Anamwino Nankhoma:
Agogo, pa mgaiwa wotendera ndikugwirani dzanja. Pa dzira pokha ndiloleni tisiyane. Ana omwe ndawaona akukomoka, ambiri ndi malungo, thupi kutentha kwambiri, ena anabanika pobadwa. Dzira silinabweretsepo khunyu. Ndipo ndi limodzi mwa zakudya zochepa zomwe mwana wopanda mano angadye n'kupezamo zomanga thupi zokwanira.

Agogo Nabanda, Likuni:
Kaya. Inu ndinu ophunzira. Koma kale dzira timalisiyira nkhuku kuti iswe.

Amake Pemphero, Chinsapo:
Agogo aulula chifukwa chenicheni 😂

Bambo a Chisomo, Area 49:
Komatu dziralo tisalikweze mopitirira. Ku Ecuador anapatsa ana dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi 6, kupinimbira kunatsika pafupifupi ndi theka. Atabwereza zomwezo kuno ku Mangochi mu 2018, ku Lungwena ndi ku Malindi, pa ana 660 a miyezi 6 mpaka 9, msinkhu wa ana odya dzira sunasiyane ndi wa anzawo.

Nachisale, Kawale:
Eya, ndiye dzira lilibe ntchito. Agogo apambana.

Anamwino Nankhoma:
Osathamanga a Nachisale. Lungwena ndi Malindi zili m'mphepete mwa nyanja, ana ambiri kumeneko amadya kale nsomba, ndipo ochita kafukufukuwo ananenanso zimenezi. Mwana yemwe akudya usipa ukamuonjezera dzira kusintha sikuoneka msanga. Si chimodzimodzi ndi mwana wa ku Mgona amene akumwa phala la shuga m'mawa, masana nsima yonyika mu msuzi wa tomato. Komanso kupinimbira sikuchokera m'mbale mokha. Malungo obwerezabwereza, kutsegula m'mimba, mayi kudya moperewera ali woyembekezera, zonsezo zimalowamo. N'chifukwa chake timanena za masiku 1000, kuchokera pomwe mimba yaima mpaka mwana atakwana zaka 2. Msinkhu womwe watayika m'nthawi imeneyo kuubweza n'kovuta.

Nagama, Area 18:
Ine funso langa ndi lina pang'ono. Ndimagwira ntchito ku City Centre, tchuthi cha uchembere malamulo a ntchito amapereka masabata 8 basi. Miyezi 6 ya kathithi mukuinenayo ndiikwanitsa bwanji? Ndinayamba kumupatsa mkaka wa m'chitini masana, pano ali ndi miyezi 3, akumalira kwambiri ndipo m'chimbudzi chake ndaonamo timizere ta magazi. Anzanga ku ofesi akuti ndisinthire wa mbuzi.

Anamwino Nankhoma:
A Nagama, magazi m'chimbudzi cha khanda si nkhani yodikira Loweruka, mupite naye mawa. Mwina ndi kang'alu chifukwa chodzimbidwa, mwina kamwazi, mwinanso ndi ziwengo za mkaka wa ng'ombe, poti wa m'chitini wambiri amapangira mkaka wa ng'ombe. Zimenezi ndi mtundu wina wa ziwengo, wochedwa, umaonekera m'mimba patapita maola ambiri kapena masiku, ndiye zomwe ndinanena za mphindi 30 zija pano sizigwira. Wa mbuzi musayese. Zomanga thupi zake n'zofanana kwambiri ndi za wa ng'ombe, mwana wokana uwu kawirikawiri amakananso uwo, ndipo khanda la miyezi 3 silimwa mkaka wa chiweto chilichonse.

Yesani kukama wanu. M'mawa musananyamuke, mu kapu yoyera ya chivundikiro. Panja pa firiji umakhala bwino maola 4, mu firiji masiku mpaka 4 ngati magetsi sakuthimathima. Wolera azimumwetsa ndi kakapu, botolo limavuta kutsuka. Kuntchito muzikamanso kuti asaume, usiku ayamwe mmene angafunire. Ndipo kwa onse ogwiritsa wa m'chitini: musachepetse masupuni kuti chitini chifike kumapeto a mwezi. Ana ena onyentchera a m'tauni muno amayambira pamenepo, mayi akuona ngati mwana akumwa mkaka pomwe akumwa madzi oyera.

Admin:
Wina wanditumizira kumbali, sakufuna dzina lake lioneke. Akuti ali pa ma ARV, kodi zoyamwitsazi zikumukhudzanso?

Anamwino Nankhoma:
Eya, kwambiri. Kuyambira 2011 kuno mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo. Amwe tsiku lililonse osadumphitsa, mwana alandire mankhwala ake ndi kuyezedwa pa masiku omwe anauzidwa, ayamwe mwakathithi miyezi 6, kenako phala uku akuyamwabe. Choopsa n'kusakaniza bere ndi phala kapena madzi miyezi 6 isanakwane.

Amake mapasa, Mtandire:
Anamwino, ndinene chilungamo. Magulu 6 a zakudya timawaimba kusikelo mwezi ndi mwezi, ndimawadziwa pamtima. Zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso, zamafuta. Koma ndikafika kunyumba m'thumba muli ya makala ndi ufa basi. Dzira masiku ano mtengo wake mukuudziwa, ndipo ine ndi awiri. Nthawi zina malangizowa amakhala ngati akunenera anthu a ku Area 10.

Bambo a Chisomo, Area 49:
Simuli nokha mayi. Kafukufuku wa 2015-16 yemwe uja anapeza kuti ana 8 okha pa 100 a miyezi 6 mpaka 23 ndiwo ankadya mokwanira, kuwerengera mitundu ya zakudya ndi kangati patsiku.

Amake mapasa, Mtandire:
Nambala sindingaithire m'phala a Chisomo.

Amake Pemphero, Chinsapo:
Asisi, ine ndimagulitsa pamsika, ndikuuzeni mmene ndimachitira. Bonya wa kamulu kamodzi, ndimamuchotsa mchenga, ndimamukazinga wouma pa chiwaya opanda mafuta, ndimasinja, ndimasefa, ndimaika m'botolo louma lotseka bwino. Supuni yaing'ono imodzi m'phala, kamulu kamodzi kamatha masiku angapo. Mitu ndi minga zonse zimalowa momwemo, ndipo n'zomwe zimalimbitsa mafupa. Tsiku lomwe mwaphika nyemba, mupatulireni mwana musanathire tsabola, mupote ndi supuni. Nkhwani, bonongwe, chisoso, muduledule tating'ono kapena musinje, zilowe m'phala. Madzulo kumsika mapapaya ndi nthochi zopsetsa timagulitsa motchipa kuti zisagone. Nyengo ya mango ikubwerayi ndiye palibe chonamizira. Ndipo ndalama ya majigisi ndi mafirizesi ija tikaiphatikiza pa sabata imakwana mazira angapo, tisanamizane.

Anamwino Nankhoma:
Amake Pemphero ndikanakhala ndi mphamvu ndikanakulembani ntchito. Ndingoonjezera za kalimbidwe ka phala, chifukwa apa ndiye timalakwitsa ambiri, olemera ndi osauka omwe. Kamimba ka mwana wa miyezi 7 sikalowa ngakhale kapu imodzi yodzadza. Mukamupatsa phala lamadzimadzi loti n'kumwera mu botolo, kadzadza ndi madzi, iye wakhuta, inu mwasangalala, koma sanadye kanthu. Phala likhale loti mukapendeketsa supuni silikuyenderera. Muthiremo supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Tiyi musamupatse, amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'chakudya. Ndipo mwana akhale ndi mbale yakeyake kuti muziona zomwe wadya, osati kupikisana ndi akuluakulu ake m'mbale imodzi.

Agogo Nabanda, Likuni:
Ndiwo zenizeni zimathera m'mbale ya bambo, mwana n'kupatsidwa msuzi. Izi ndiye sizinasinthe chiyambire kale.

Bambo a Chisomo, Area 49:
Agogo mwayamba kuponya miyala kuno tsopano.

Nagondwe, Area 36:
Poti mwatchula zotupa, ndifunseko za mwana wa aneba anga. Ali ndi chaka ndi miyezi ingapo, anamusiyitsa bere mayi ake ataima. Watupa mapazi ndi nkhope, khungu likusupuka m'ntchafu, tsitsi lasanduka lofiirira, sakusewera, amangolira monyinyirika. Akuluakulu akuti ndi tsempho, bambo ake anayenda njira. Mayi ake akuti ndi ziwengo za soya, ndiye amusiyitsa phala la soya lomwe amamwa. Kodi kutupa kwa ziwengo kumatha masabata?

Anamwino Nankhoma:
Ayi sikutha masabata. Kwa ziwengo kumabwera mwadzidzidzi, kumakonda milomo ndi zikope, pofika mawa kwaphwa. Pitani pompano mukachite izi: mudinikize ndi zala zanu zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka 3 pang'onopang'ono, muchotse. Pakatsala maenje mbali zonse ziwiri, ndi kutupikana kwa kusowa zakudya m'thupi, ndipo ndi matenda akupha. Mmene mwafotokozera khungu ndi tsitsi, mwanayo apite kuchipatala lero lomwe, ngakhale maenjewo musawaone bwino. Asamukakamize chakudya chambiri kunyumba poganiza kuti achira msanga, thupi lake silingathe. Akagonekedwa amayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, pang'onopang'ono, ndi mankhwala opha tizilombo. Ndipo mayi woyembekezera angathe kupitiriza kuyamwitsa, mkaka suwola chifukwa cha mimba.

Agogo Nabanda, Likuni:
Tsempho iliko anamwino, musaichepse.

Anamwino Nankhoma:
Sindilimbana nanu agogo. Mlandu wa bamboyo akuluakulu aukambe, koma aukambe mwana ali pa bedi la chipatala. A Nagondwe, mwanyamuka?

Nagondwe, Area 36:
Ndadinikiza, maenje atsala mapazi onse. Tikufuna galimoto, bambo a kwathu atiperekeza.

Admin:
Mutidziwitse kumbali ngati pafunika thandizo la mayendedwe.

Nachisale, Kawale:
Si amangowapatsa chiponde? Ndimachiona pamsika, bwanji osangogula n'kumupatsa kunyumba. Inenso ndimafuna ndigulireko wanga anenepe.

Anamwino Nankhoma:
Chiponde cha kuchipatala ndi mankhwala a Nachisale, n'chaulere, sichigulitsidwa. Chomwe mukuchiona pamsikacho wina wamulanda mwana wodwala. Timapereka titamuyeza. Kalamba kaja timakulunga pamkono, pa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5: pansi pa masentimita 11.5 ndi pofiira, wanyentchera kwambiri. Kuchokera 11.5 kufika 12.5 ndi pachikasu. Timaonanso ngati akutha kudya, timamupatsa alawe pomwepo. Wokana kudya, wotupa kwambiri kapena wodwala matenda ena sabwerera kunyumba, amagonekedwa. Mapaketi timawerengera ndi kulemera kwa mwanayo, ndiye akagawana ndi abale ake kunyumba sachira.

Bambo a Chisomo, Area 49:
Ndipo taonani zomwe zili mu chipondemo: mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere. Kapaketi ka magalamu 92 kali ndi mphamvu zokwana makalori 500. Anayamba kuchipanga ku France mu 1996, André Briend ndi kampani ya Nutriset, ndipo Dokotala Mark Manary anachiyesa ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ana n'kumachirira kunyumba m'malo mogona m'chipatala masabata. Ndiye mtedza womwe tikuuopa pa miyezi 7 ndi womwewo adzamupatse akadzanyentchera pa chaka.

Achimwene a ku Mitundu:
Ndakhala ndikungowerenga, koma poti mwayamikira mtedza chonchi, ine wa zaulimi ndichenjezeko. Choopsa cha mtedza kuno kwathu si ziwengo kwenikweni, ndi chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Saoneka, kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, ndipo ku Benin ndi Togo anapeza kuti ana omwe anali naye wambiri m'magazi ndiwo analinso opinimbira kwambiri. Ali mu chimanga chosauma bwino, koma mu mtedza ndiye kwawo.

Zimayambira kumunda, mvula ikadula mtedza ukukhwima, komanso poyanika pa dothi kapena pa denga. N'chifukwa chake timaphunzitsa kuunjika mwa Mandela cock, kuti mphepo izidutsa pakati. Choipitsitsa n'chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, kapena kuti thumba lilemere pa sikelo. Ndiye mvetsani apa amayi. Mtedza wabwino, wa mtundu wa CG7 kapena Chalimbana wosankhidwa, umapita kwa ogula. Wotsala uja, wonyala, wosweka, wakuda mkati, ndi womwe ena amasinja n'kumanga m'timapepala ta nsinjiro, chifukwa ukasinjidwa palibe angauzindikire. Sindikunena onse ogulitsa, amake Pemphero musandiponye tomato. Koma za phala la khanda, gulani mtedza wathunthu, musankhe nokha pa lichero, wokayikitsa mutaye, musapatsenso nkhuku. Musinje wokwana masiku ochepa, musunge pouma.

Amake Pemphero, Chinsapo:
Ine ndimagulitsa zamasamba ndi bonya achimwene, mlanduwo si wanga. Koma zowaza madzizo ndimaziona ndithu.

Agogo Nabanda, Likuni:
Wowola uja umawawa, timalavula.

Achimwene a ku Mitundu:
Inu mumalavula agogo chifukwa mukutafuna umodziumodzi. Mu nsinjiro wasakanikirana ndi wabwino, khanda lilavula bwanji? Komanso wina amaoneka bwinobwino kunja, ndiye kusankha kumachepetsa chabe, kuyanika bwino ndiye nkhani yaikulu.

Nagama, Area 18:
Nanga chiponde chopaka pa buledi cha m'masitolo, tingathire m'phala mwana akafika miyezi 6?

Anamwino Nankhoma:
Mungathe, chosalala chopanda tizidutswa, makamaka chosathira shuga ndi mchere wambiri, chokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Muchisungunule m'phalamo, musamupatse chibulumwa pa supuni, chimakakamira kukhosi.

Amake mapasa, Mtandire:
Ine za m'sitolozo ayi, ndisinja ndekha. Mtondo ulipo, koma munsi anabwereka aneba chaka chatha mpaka lero. Alipo ali nawo wapadera kufupi ndi Mtandire kuno?

Amake Pemphero, Chinsapo:
Wa mtedza wokazinga wochepa chonchi botolo ndi thabwa zikwana asisi, mungosefa kawiri.